Mphasa Sichiza Msana

Mayeso akamayandikira, dandaulo limene limamveka kwambiri m'mahositelo mwathu ndi la msana. Wina wakhala pampando wouma wa mulaibulale kuyambira m'mawa mpaka nthawi ya chakudya chamadzulo. Wina wawerenga atatsamira khoma pabedi, khosi lili chopindika, mpaka tambala woyamba. Kukacha akawerama kuti amange zingwe za nsapato, msana umakana, ndipo amatuluka m'chipinda akuyenda ngati agogo a zaka 80 pamene iye sanakwanitse n'komwe 25.

Zotsatira zake tonse timazidziwa. Akakhala mnyamata, anzake amayamba ndi kuseka: "Aise, wakula iwe, ukwatire basi." Nthabwala imeneyi tiithetseretu pano, chifukwa alipo ena amene amaitenga ngati malangizo a kuchipatala n'kukachita zimene amadzanong'oneza nazo bondo. Msana suwawa chifukwa choti munthu sanalowe m'banja. Zikanakhala choncho, bambo athu ndi amalume athu, amene anakwatira ife tisanabadwe, sakanamadzuka m'mawa uliwonse atagwira m'chiuno. Kuseka kukatha, wina amatsegula sutikesi n'kutulutsa mapilisi okulungidwa m'kapepala kopanda dzina. Wodwalayo amameza awiri, n'kukwera pabedi, n'kufunda bulangeti. Masiku atatu amadutsa, makalasi akupitirira, anzake akumutengera nsima m'kontena. Tsiku lachinayi akadzuka amapeza msana uja wauma kuposa poyamba. Kumudzi zimayenda chimodzimodzi, kungoti m'malo mwa bedi pamakhala mphasa ndipo mapilisi amachokera pagolosale.

Ife tikuti njira ziwirizi, kugona chigonere ndi kumeza mapilisi osawadziwa, ndi zimene tiyenera kuzisiya. Yoyamba imatalikitsa vuto limene likanatha lokha. Yachiwiri ikhoza kubweretsa vuto lina lalikulu kuposa msanawo.

Vutoli si lathu lokha. Bungwe la WHO likuti mu 2020 anthu pafupifupi 619 miliyoni padziko lonse anali ndi ululu wa kumunsi kwa msana, ndipo chiwerengerochi chikhoza kufika 843 miliyoni pofika 2050. Palibe vuto lina la m'thupi limene limalepheretsa anthu ambiri kugwira ntchito zawo kuposa ili. Koma m'chiwerengero chomwecho muli chitonthozo: mwa anthu 10 alionse otere, pafupifupi 9 alibe fupa losweka, chotupa kapena matenda ena oopsa. Ndi minofu, mitsempha ndi mfundo za msana zimene zatopa kapena zakokeka, ndipo ambiri amapeza bwino kwambiri m'masabata 6 oyamba. Funso lagona pa zimene munthu amachita m'masabata amenewo.

Kale madokotala nawonso ankauza odwala kuti akagone. Anasiya chifukwa anayesa n'kuona kuti sizithandiza. Mu 1995 magazini ya madokotala ya New England Journal of Medicine inasindikiza kafukufuku amene anachitika ku Helsinki, m'dziko la Finland. Anthu ogwira ntchito amene msana unali utangowayamba anagawidwa m'magulu atatu. Gulu loyamba linauzidwa kuti ligone masiku awiri. Lachiwiri linapatsidwa mafizo apadera opinda ndi kuwongola msana. Lachitatu linauzidwa kuti lipitirize moyo wa tsiku ndi tsiku monga mmene ululuwo unkalolera. Amene anachira msanga ndi a gulu lachitatu, ndipo amene anachedwa kwambiri ndi ogona aja. Taganizani, amenewo anagona masiku awiri okha. Nanga ife amene timatha sabata yathunthu tili pamphasa?

Chifukwa chake n'chosavuta kumva. Kumunsi kwa msana kuli mafupa asanu, ndipo pakati pa fupa lililonse ndi linzake pali kachinthu kofewa ngati mphira kamene achipatala amati disiki. Madisikiwa salandira magazi ambiri monga zimachitira ziwalo zina. Amadya kudzera m'kufinyika ndi kumasuka pamene munthu akuyenda, monga siponji imayamwira madzi tikamaifinya ndi kuitaya. Minofu yozungulira msana nayo imayamba kufooka ndi kuuma ikangokhala masiku ochepa osagwira ntchito. Ndiye palinso mantha. Munthu amene wagona masiku anayi amayamba kuopa kuwerama, amayenda atauma ngati thabwa, ndipo kuumako kumawonjezera ululu umene akuuthawawo.

Apa ndi pamene ife a mpingo uno tiyenera kuchita manyazi pang'ono. Kuyambira tili ku Pathfinder takhala tikuloweza njira zisanu ndi zitatu za chilengedwe zimene Ellen G. White anazitchula m'buku la The Ministry of Healing la mu 1905: mpweya wabwino, dzuwa, kudziletsa, kupuma, masewera olimbitsa thupi, zakudya zoyenera, madzi ndi kudalira Mulungu. Timazitchula bwino kwambiri pa sabata ya zaumoyo. Koma msana ukangowawa timasankhapo imodzi yokha, kupuma, zisanu ndi ziwiri zinazo n'kuzisiya panja pamodzi ndi nsapato.

Sitikunena kuti munthu amene msana wamugwira mwamphamvu apite kukasewera mpira. Tsiku loyamba ndi lachiwiri ululu umatha kukhala woti kugona n'kosapeweka. Agone ndithu, koma pang'ono, kenaka adzuke ayende mphindi zisanu kapena khumi pakhomo pomwepo, abwerere, patapita kanthawi adzukenso. Pogona chagada aike pilo kapena bulangeti lopinda pansi pa mawondo. Pogona chammbali aike pakati pa mawondo. Chitenje chopindidwa kangapo chimakwanira. Podzuka asadzuke chamutu ngati wamva belu la moto. Atembenukire kumbali kaye, atsitse miyendo, kenaka adzikankhe ndi manja. Tsiku lililonse awonjezere mtunda pang'ono: lero mpaka kubafa, mawa mpaka kuchipata, mkuja mpaka kutchalitchi. Pang'onopang'ono ndi mtolo. Kumva kuwawa pang'ono poyenda sikutanthauza kuti china chake chikuthyoka m'kati.

Za kugona pansi pouma, zimene ambiri amaziyesa mankhwala, kafukufuku wa ku Spain amene anatuluka m'magazini ya The Lancet mu 2003 anapeza kuti anthu a msana wa nthawi yaitali amene ankagona pamatiresi olimba pang'ono anapeza bwino kuposa amene ankagona pa olimba kwambiri. Ngati matiresi a m'chipinda chanu anakumbika pakati ngati bwato, kuwatsitsa pansi kungathandize. Koma simenti payokha ilibe mphamvu yochiza.

Chimene agogo athu anachidziwa bwino ndi kuthowa. Madzi ofunda m'beseni, nsalu yonyika ndi kufinya, kuiika pamene pakuwawa mpaka itazizira, n'kubwerezanso kwa mphindi 15 kapena 20. Ku Battle Creek Sanitarium, ku America, kumene John Harvey Kellogg ankatsogolera ntchito yachipatala ya mpingo wathu, nsalu zotentha zotere zinali pakati pa chithandizo cha tsiku ndi tsiku. Agogo athu sanamvepo za Kellogg, koma ankachita zomwezo pamoto wa nkhuni. Ndipo mu 2017 bungwe la madokotala la American College of Physicians linaika kutenthetsa pamalo owawa m'gulu la zoyamba kuyesa munthu asanathamangire mankhwala. Kutentha kumamasula minofu, ndipo phindu lake lenileni ndi loti munthu akatha kuthowedwa amatha kudzuka n'kuyenda. Madziwo akhale ofunda, osati owira. Okalamba ndi odwala matenda a shuga nthawi zina samva kutentha bwinobwino pakhungu, choncho wowathowayo ayese kaye nsaluyo pamkono pake. Kutikita mofatsa kumathandizanso. Koma zija zoitana mwana kuti aponde pamsana, kapena mnzako wa m'chipinda kuti akukoke mpaka pamveke "kho!", tizisiye.

Ululu ukachepa m'pamene ntchito yeniyeni imayamba, chifukwa msana uli ndi khalidwe lobwerera. Mu 2024 The Lancet inasindikiza kafukufuku wa ku Australia wa anthu 701 amene anali atangochira. Theka la iwo anathandizidwa ndi a mafizo kuyamba chizolowezi choyenda pansi masiku angapo pa sabata, enawo anangosiyidwa. Kwa oyenda aja, ululu wolepheretsa ntchito unatenga masiku pafupifupi 208 usanabwerere. Kwa enawo unatenga 112. Sanagule makina, sanalipire jimu. Anangoyenda, chinthu chimene ife timachiona ngati chizindikiro cha umphawi mpaka kukwera njinga yakabaza pa mtunda woti tikanafika m'mphindi khumi.

Tibwere ku mapilisi. Ife ndife anthu amene timakana tiyi ndi khofi chifukwa cha zimene zimachita m'thupi. Timayang'anitsitsa zolembedwa pabotolo la chakumwa tisanagule. Ndiye zimatheka bwanji kuti anthu omwewo tizimeza kapisozi wochokera m'sutikesi ya mnzathu osafunsa dzina lake? Safunsa anadya phula. Mankhwala amene amazungulira kwambiri pakati pathu ndi Brufen, diclofenac ndi Indocid. Onsewa ndi a banja limodzi. Amachepetsadi ululu wa msana, ndipo malangizo amene WHO inatulutsa mu Disembala 2023 okhudza msana wa nthawi yaitali amawavomereza. Koma ndi oti amwedwe kwa masiku ochepa, pa mlingo wochepa umene ukuthandiza, munthu atadya. Akamwedwa kwa nthawi yaitali amatha kuboola zilonda m'mimba, kukweza BP ndi kuwononga impso. Munthu amene ali kale ndi zilonda zam'mimba, vuto la impso, la mtima kapena la BP, mayi woyembekezera, ndiponso amene akumwa mankhwala ena tsiku ndi tsiku monga ma ARV, asawamwe asanafunse achipatala. Choopsa kwambiri ndi chizolowezi chophatikiza: Brufen m'mawa, diclofenac masana, Indocid usiku, poganiza kuti ndi mankhwala atatu osiyana. Kumeneko n'kumwa mankhwala amodzi katatu. Makina otsuka magazi a anthu amene impso zawo zaleka kugwira ntchito amapezeka m'zipatala zochepa kwambiri m'dziko muno, ndipo palibe amene angafune kukafika kumeneko chifukwa cha msana umene ukanapola ndi madzi ofunda.

Panado ndi wofatsa pamimba, koma kafukufuku wamkulu wa ku Australia wa mu 2014 anapeza kuti pa msana wongoyamba kumene, omwa paracetamol sanachire msanga kuposa amene anapatsidwa mapilisi opanda mankhwala. Choncho kuwonjezera mapilisi ake chifukwa awiri sanathandize n'kungovutitsa chiwindi. Munthu wamkulu asapitirire mapilisi 8 a 500mg pa tsiku. Malangizo a WHO aja amakananso malamba omanga m'chiuno amene amagulitsidwa m'misika ndi pa WhatsApp, komanso mankhwala amphamvu a gulu la morphine, pa msana wa mtundu umenewu.

Ena amati sangakhulupirire kuti ali bwino mpaka atajambulidwa. Amakwera basi, amalipira, ndipo akauzidwa kuti disiki ina yayamba kutha amabwerako ali odwala kuposa mmene anapitira. Mu 2015 akatswiri anasonkhanitsa zithunzi za misana ya anthu oposa 3,000 amene sankamva kuwawa kulikonse. Mwa a zaka 20, amsinkhu wathu, 37 pa 100 alionse anali ndi madisiki oonetsa kutha. Mwa a zaka 80 anali 96 pa 100. Ndiye kuti zambiri zimene zimaoneka pachithunzi zili ngati imvi kapena makwinya: ndi zaka chabe.

Komabe ulipo msana umene suyenera kuthowedwa kunyumba, ndipo apa tisanyengererane. Munthu akachita dzanzi pakati pa miyendo ndi kumatako, akamalephera kukodza kapena mkodzo ndi chimbudzi zikamatuluka zokha, miyendo ikamafooka mpaka kukoka phazi, apite kuchipatala tsiku lomwelo, ngakhale likhale la Sabata, ngakhale usiku. Mitsempha ikapanikizika motero, kuchedwa kwa tsiku limodzi kumatha kusiya chilema cha moyo wonse. Msana wowawa usiku ngakhale munthu atagona phee, pamodzi ndi kutentha thupi, kutuluka thukuta usiku kapena kuwonda, ukhoza kukhala TB ya msana. Kuno kwathu imeneyi si nthano. Imadya mafupa pang'onopang'ono mpaka munthu kutuluka linunda kapena kufa miyendo, pamene mankhwala ake alipo m'zipatala za boma mwaulere. Ululu wa chammbali pansi pa nthiti wobwera ndi malungo ndi kuwotcha pokodza umaloza ku impso. Amene amasamba m'nyanja kapena m'madambo akumbukire kuti likodzo nthawi zina limafika mpaka m'mitsempha ya mumsana. Msana wobwera munthu atagwa panjinga yamoto kapena mumtengo, msana wa mayi woyembekezera umene ukubwera ndi kupita kapena ukutsagana ndi magazi, msana wa mayi amene akutaya magazi mosadziwika bwino kapena wa bambo wachikulire amene akuvutika kukodza, yonseyi ndi ya kuchipatala. Chimodzimodzinso msana wamba umene watha masabata 6 osasintha. Mphini sizichotsa TB, ndipo pemphero, limene timalikhulupirira ndi mtima wonse, tingalipemphere tili m'njira.

Tikudziwa kuti wina awerenga zonsezi n'kuseka. Anena kuti za kuyenda pansizo kauzeni ana asukulu okhalira mabuku. Mayi anga amayenda kale makilomita angapo kumjigo dzuwa lisanatuluke, amalima, amatola nkhuni, ndipo msana ndiye ukuwapweteka kuposa inu nonse. Woteroyo akunena zoona, ndipo apa m'pamene nkhani ya msana imasiya kukhala ya mapilo ndi madzi ofunda. Ife vuto lathu ndi kukhala malo amodzi nthawi yaitali. Amayi athu vuto lawo ndi katundu wosatha. Ndowa ya malita 20 imalemera makilogalamu 20, osawerengera ndowayo, ndipo imakwera pamutu kangapo pa tsiku, nthawi zina mwana ali kumbuyo. Thumba la feteleza ndi makilogalamu 50. Tsache lathu ndi lalifupi, beseni lochapira lili pansi, mafuwa ali pansi, khasu limafuna kuwerama kuyambira pogalauza mpaka pobandira. Ku California boma linaletsa khasu la mpini waufupi m'minda ikuluikulu mu 1975, ogwira ntchito atadandaula kwa zaka zambiri kuti likuwathyola misana. Kwathu palibe amene angaletse khasu, poti ndilo limatidyetsa, koma mpini wautali pang'ono sufuna chilolezo cha boma.

Mayi wotere ali ndi njira ziwiri zokha zimene banja limamupatsa: kugona pamphasa ngati wodwala, kapena kudzuka n'kusenza zonse monga mwa masiku onse. Ya pakati, imene ndiyo yochiza, yoti adzuke, ayende, aphike atakhala pampando, atole masamba kudimba, koma asasenze ndowa kwa masabata awiri kapena atatu, siingatheke popanda wina wonyamula ndowayo. Wina ameneyo ndani? Ambiri a ife anyamata tikapita kutchuthi timakhala alendo m'nyumba ya makolo athu. Timadzuka madzi osamba ataikidwa kale kubafa, osafunsa kuti afika bwanji. Kenaka pa mapemphero a madzulo timapempherera msana wa amayi ndi mawu okoma a kukoleji. Kugula Brufen pobwera kuchokera kusukulu n'kosavuta, ndipo kumaoneka ngati chikondi. Kumangirira zigubu ziwiri panjinga, kugawa thumba la makilogalamu 50 kukhala awiri musananyamule, kukhoma kathandala kochapirapo kofika m'chiuno, kuika mtengo wautali kutsache, zimenezi ndi zimene msana wa amayi ungazimve.

Kutchalitchi nakonso tili ndi mlandu. Pa Sabata timalowa m'mawa ku Sukulu ya Sabata, n'kutuluka dzuwa lili pamutu, n'kubwereranso masana, ndipo m'mipingo yambiri ya kumudzi mabenchi alibe potsamira. Pa misonkhano ya misasa anthu amakhala pansi sabata yathunthu. Agogo amene msana ukuwapweteka amapirira mpaka "Amen" womaliza poopa kuti akaimirira pakati pa ulaliki anthu awaona ngati osalemekeza, kapena amangosiya kubwera, ife n'kumati afooka mu uzimu. Pa Luka 13 timawerenga za mayi amene anakhala wopindika msana kwa zaka 18. Yesu anamuwongola m'sunagoge pa tsiku la Sabata, ndipo amene anakwiya anali mkulu wa sunagogeyo, chifukwa dongosolo la tsikulo linasokonekera. Madikoni athu akhoza kusiya malo kumbuyo oti amene akufuna kuima aime, kapena kutuluka n'kuyenda pang'ono osayang'anidwa ndi diso lofiira. Mipando ingapo yokhala ndi potsamira ikhoza kusungidwira okalamba ndi oyembekezera m'malo moikidwa kutsogolo kudikira alendo olemekezeka. Ndipo masana a Sabata, m'malo mogona tulo ta nsima mpaka dzuwa kulowa, kuyenda pansi kukaona odwala kumapindulitsa woyendayo ndi woyenderedwayo.

Ife amene tikuphunzira uphunzitsi tidzaima pabolodi maola ambiri ndi kuwerama pa makope mazanamazana usiku. Tidzakhalanso ndi ana 80 kapena 100 patsogolo pathu, ena atakhala pansi, akulembera pamawondo. Kuwauza kuti aimirire adziwongole kwa mphindi imodzi pakati pa phunziro sikudzatichedwetsa kumaliza silabasi. Ndipo tikadzafuna kupereka chilango, tidzakumbukire kuti kamtsikana kamene tikukatuma kukatuta njerwa kasenza kale ndowa zitatu kasanavale yunifomu.

Pakali pano mayeso ali pafupi ndipo mipando ya mulaibulale siisintha mwezi uno. Tiike alamu pafoni kuti pakatha mphindi 30 kapena 40 zilizonse tiziimirira, tizungulire kunja kamodzi, timwe madzi, tibwerere. Mnzathu wa m'chipinda akagwidwa ndi msana, timufunse kaye za dzanzi, za mkodzo, za kutentha thupi. Ngati zonsezo palibe, titenthetse madzi, timuthowe, kenaka timugwire dzanja tipite naye kukadya m'malo momutengera kontena. Tchuthi chikafika, tsiku loyamba lenileni, tifunse kumene kumakhala zigubu, ndipo tidzuke amayi asanadzuke.